Galaja ya ku Biwi komwe amakaniko ali pa penshoni ndi sikimu ya chipatala: ndi yodula koma ndibwereranso

Amene muli ndi ma Sienta, ma Vitz, ma Aqua ndi tigalimoto tina ta ku Japan timene timalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndikufuna ndikuuzeni za galaja ina ya ku Biwi kuno ku Lilongwe komwe ndikumakonzetsa galimoto masiku ano. Dzina sindilemba pano chifukwa mwini wake sindinamupemphe, ofuna malowo andipeze ku inbox. Ntchito yawo ndi yabwino, mtengo ndi wokwera kuposa anzawo oyandikana nawo, komanso amachedwa. Koma chandilembetsa si galimoto yokha ayi, ndi mmene anthu ogwira ntchito pamenepo akusamalidwira, chifukwa ndaona kuti ziwirizi zimayendera limodzi.

Woyang'anira ntchito ndi madala ena a imvi kale, sukulu analekezera Fomu 2, ntchito anayiphunzira pamanja ngati sipanala boyi kenako anakalemba Trade Test kuyambira Giredi 3 mpaka anafika Giredi 1. Ndiye pali mtsikana wa digiri ya engineering ya ku MUBAS, kuja tinkati ku Poly isanapatukane ndi University of Malawi mu 2021, iyeyu ndi amene amagwira kompyuta yopimira galimoto ndi zamagetsi zonse. Anyamata ena awiri anachokera ku Lilongwe Technical College, wina akadali pa attachment ya TEVETA. Ndiye pagalaja imodzi pali pepala la mtundu uliwonse, kuyambira wopanda MSCE mpaka wa gauni.

Sienta yanga inkayatsa check engine, pa mphambano ukaima injini ikunjenjemera ngati izima, mafutanso ikumwa modabwitsa, ndipo ndi mmene mafuta amavutira muno simungafune galimoto yotero. Kwina komwe ndinayamba kupita anandigulitsa mapulagi atsopano, kenako akuti fuel pump, vuto lili pomwepo. Pano mtsikana uja analumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero, inatulutsa P0171, ndiye anandifotokozera bwinobwino kuti nambala imeneyo ikutanthauza kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa mafuta, ndipo zoyambitsa zimatha kukhala sensa, pampu, kapena mpweya ukulowera pena pomwe sukuyenera. Sananene kuti gulani chakuti. Anaitana madala aja, iwo anangoti siyani ilire, anaweramira mu boneti khutu lili pafupi ndi injini, kenako anatenga kachitini ka carb cleaner n'kumapopera pang'onopang'ono motsatira mapaipi a rabala. Atafika pa paipi ina ya mpweya kulira kwa injini kunasintha pompo. Anaipinda ndi chala, mng'alu uli kunsi komwe maso sangaone. "Mayi, vuto lanu ndi ili, sensa yanu ilibe mlandu," basi. Paipi anasintha, mtsikana uja anafufuta nambala ya vuto ija, anayenda nayo galimoto kompyuta ili pamiyendo kuonetsetsa kuti manambala abwerera m'malo mwake.

Tsono musathamangire kunena kuti mwaona, digiri ndi yachabe, chifukwa tsiku lomwelo ndinaona zosiyana. Panabwera Aqua ya bambo ena itayatsa chenjezo la hybrid, paja Aqua imayendera petulo ndi batire pamodzi, madala aja sanaikhudze n'komwe, anangoti iyi ndi ya mwanayu. Batire ya Aqua ndi ya mavoti 144, mawaya ake a olenji aja si ogwira ndi manja a girisi mwachisawawa. Mtsikanayo anavala magolovesi ake, anapima maselo pa kompyuta, n'kupeza kuti fani yoziziritsa batire imene ili pansi pa mpando wakumbuyo yatsekeka ndi fumbi ndi tsitsi, batire ikumatentha. Ndi fumbi lathu lino la Seputembala ndi Okutobala eni ma Aqua muziyang'ana pamenepo. Bamboyo anabwera atauzidwa kwina kuti agule batire yonse, anachoka atalipira yotsukira fani. Madala aja anaimirira pambali kumaonerera ndi chidwi, kufunsa mafunso, opanda manyazi kuti akuphunzira kwa mwana woti angamubereke.

Ndinacheza ndi mwini galaja ndikudikira risiti, ndinamufunsa mosabisa kuti bwanji mitengo yanu ili pamwamba chonchi pomwe apa pambali pomwepa leba ndi yotsika. Anandiyankha kuti anthu ake onse ali pa malipiro a pamwezi, osati zija zoti ukadya galimoto ikabwera, ikapanda kubwera ugone ndi njala. Amawadulira penshoni monga mmene lamulo likunenera, bwana 10 peresenti wantchito 5 peresenti, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 koma magalaja ambiri amachita ngati silikuwakhudza. Pamwamba pa apo anawalowetsa pa sikimu ya chipatala ya MASM, pulani yotsika mtengo inde, koma munthu akadwala malungo amapita ku kiliniki m'mawa n'kulandira mankhwala osakongola kwa katapila. Sikimu ya chipatala palibe amamukakamiza, ndi kufuna kwake.

Apa ndi pamene mtima wanga unagwidwa, chifukwa tonse tikudziwa mmene anyamata a m'magalaja amakhalira. Munthu ali pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke imodzi ndi njerwa, phazi lili mu patapata, akuyamwa petulo ndi pakamwa, oyilo wakuda mpaka m'zigongono tsiku ndi tsiku. Akavulala ndi abale ake ovutika kumuthamangitsira ku chipatala cha Central, bwana amangopereka ya kabaza, pomwe Workers' Compensation Act ilipo kuyambira 2000 ndipo imati wovulala pantchito alipidwe chipukuta misozi. Ambiri mwa anyamatawa salandira ngakhale malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, aja anafika K90,000 mu 2024 kuchoka pa K50,000, pomwe kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye munthu wotero mukamusiyira galimoto n'kukusinthirani batire yanu yatsopano ndi yakutha, kapena kukuuzani kuti sipeya yafa pomwe ili bwino kuti adyepo, kuba ndi kuba sindikuikira kumbuyo, koma tisamadabwe. Pagalaja iyi aliyense ali mu ovolo ndi nsapato za chitsulo kutsogolo, galimoto imakhala pa ma stand osati njerwa, ndipo nkhope zimene ndinazipeza ulendo woyamba ndi zomwezo mpaka pano. Amene anamasula giyabokosi yanu chaka chatha mukamupeza, amakumbukira kuti anathiramo oyilo wa CVT woyenera giyabokosi ya mtundu umenewo, osati ATF, oyilo wamba wa magiya a otomatiki, amene waphetsa ma Sienta ambiri mtauni muno.

Nkhani ya ndani alandire zambiri ndiye ilipo, sakubisa. Madala a Giredi 1 amalandira kuposa wa digiri. Ena mukwiya nazo, muti munthu wavutika zaka zonsezo ku yunivesite, loni ya boma ikumudikira kuti abweze, alandire zochepa kuposa wa Fomu 2? Ine ndikuona kuti pakadali pano n'zoyenera, chifukwa ntchito zambiri zimene zimalowetsa ndalama pamenepo, masasipenshoni, mabuleki, ma overhaul, zimadutsa m'manja mwa madalawo ndipo ndi amene akuphunzitsa ana onse aja. Koma mwini galaja asagone, ma hybrid akuchuluka pamsewu ndipo mtsikanayo ndi yekhayo amene amawadziwa pamenepo. Akapanda kumukweza pa nthawi yake makampani akuluakulu amutenga, ndipo sindingamunene. Mabwana ambiri muno amalemba pa advert kuti digiri ndi zaka 5 za experience, malipiro ake osakwana ngakhale lendi ya ku Area 25 ndi thiransipoti, kenako n'kumadandaula kuti achinyamata sakhazikika. Ena amatengerapo mwayi pa amene alibe pepala kumulipira zonyozeka poti alibe kolowera. Onse awiri amapanikizidwa, njira zake zokha ndi zosiyana.

Zondidandaulitsa zilipo ndithu. Kuchedwa ndiye koyamba, akati mawa masana muziwerengera mkucha, chifukwa galimoto zimachuluka ndipo madala aja salola kuti galimoto ituluke asanaiyendetse okha, ndiye onse amadikira munthu mmodzi. Foni sayankha msanga, WhatsApp mutha kulemba m'mawa kuyankhidwa madzulo. Pokhala makasitomala ndi benchi imodzi pansi pa malata, dzuwa likaswa mtengo simukhalapo, chimbudzi nachonso chikufunika chisamaliro makamaka kwa ife azimayi. China chimene ndinamuuza mwini wake pamaso, sikimu ya chipatala ija ikuthera pa wantchito yekha, mkazi ndi ana palibe, chonsecho amene amadwala kawirikawiri pakhomo ndi ana. Mnyamata wa attachment uja nayenso sali pa sikimu pomwe amalowa pansi pa galimoto zomwezo. Anati akuziganizira, ndiye ndidzafunsanso.

Koteshoni amalemba papepala asanayambe ntchito, leba payokha sipeya payokha, ndipo akapeza china mkati amayamba aimba foni musanavomere sagula. Sipeya mutha kukagula nokha m'mashopu a pa Biwi pomwepo kapena ku Malangalanga, koma akaiona kuti ndi feki amakubwezerani nayo, pamenepo sanyengerera. Zakutha zimene achotsa amakuikirani mu jumbo m'buti. Amalandira Airtel Money, Mpamba ndi kubanki, ndipo ngati mukufuna galimoto yanu isagone kumeneko pitani mkati mwa sabata m'mawa kwambiri, Lachisanu ndi Loweruka kumadzaza ma Sienta a matola.