WhatsApp Business: yabwino pokambira nkhani ya malonda anu, koma siyikuitanirani alendo

Pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market ku Chipata mungapeze anthu khumi akugulitsa chiponde m'mabotolo ofanana, mitengo yakenso yosasiyana kwenikweni. Wogula amabwerera kwa amene akumudziwa, amene anamuona akusankha nshawa ndi kutsuka mabotolo. Pa ntchito yoonetsa anthu kumene katundu wachokera ndi manja amene amupanga, WhatsApp Business imathandiza ndithu, koma ili ndi malire amene ambiri amawazindikira mochedwa.

Apuyi ndi ya kampani ya Meta, inatuluka mu 2018, ndipo ndi yaulere. Chomwe mumalipira ndi bandulo basi. Nambala imodzi singagwire ntchito mu WhatsApp wamba ndi mu Business nthawi imodzi, koma ma apu awiriwa amakhala bwinobwino mu foni imodzi. Ngati muli ndi ma SIM awiri, ina ikhale ya kunyumba, ina ya malonda. Musachipeputse chimenechi. Zithunzi za katundu zikasakanikirana ndi za pa ukwati wa msuweni ndi mavesi a m'mawa, palibe amene angatsate nkhani yanu.

Mphamvu yake yonse ili pa Status. Tiyerekeze mayi wopanga chiponde. Lolemba ajambule manja ake akupeta ndi kusankha nshawa za Chalimbana, zowola zikuikidwa pambali, iye akufotokoza ndi pakamwa chifukwa chake sizilowa m'botolo. Lachiwiri kukazinga, Lachitatu kugaya, Lachinayi mabotolo otsuka ali padzuwa. Lachisanu m'pamene aonetse botolo lodzaza, mtengo wake, ndi pamene akupezeka. Amene watsata kuyambira Lolemba akamafika Lachisanu sanenereranso kwambiri, chifukwa ntchito waiona yekha. Telala, kalipentala ndi woweta nkhuku za mabroila angatsate ndondomeko yomweyi: chiyambi, ntchito, kenako mtengo.

Vidiyo iliyonse ikhale ya masekondi 15 kapena 20, ndipo atatu kapena anayi patsiku akwana. Mukaika makumi awiri, pamwamba pa foni pamangooneka timizere ngati nyerere, munthu n'kudumpha zonse. Jambulani panja, pamthunzi, m'mawa. M'kati mwa shopu mumakhala kamdima, ndipo popeza WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, chojambulidwa mumdima chimafika kwa wogula chili mbuu. Pukutani kagalasi ka kamera (mafuta a m'manja ndi amene amawononga zithunzi zambiri, osati kutchipa kwa foni). Lankhulani Chinyanja chanu cha masiku onse, foni ili pafupi ndi pakamwa, kutali ndi phokoso la chigayo. Nkhope ya kasitomala kapena ya mwana wa eni musaionetse musanapemphe.

Vuto lalikulu nali. Status imaoneka kwa anthu okhawo amene mwasungirana manambala, inu yawo, iwo yanu. Munthu akatenga nambala pa botolo n'kuisunga koma inu osasunga yake, saona kalikonse. Ndiye aliyense amene wakulemberani, musungeni nthawi yomweyo, ndi dzina, komboni ndi chimene amagula, kuti wa ku Mchini musamusokoneze ndi wa ku Magazine. Broadcast, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, nayo ndi chimodzimodzi: imalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ena akaona zimenezi amayamba kuponya anthu m'magulu osawapempha. Zotsatira zake, anthu amadandaula kudzera mu apu momwemo, ndipo nambala ikhoza kutsekedwa pamodzi ndi makasitomala onse amene munawasonkhanitsa movutikira.

Chachiwiri, Status imafufutika pakatha maola 24. Kasitomala amene wabwera lero sadziwa zimene munaonetsa sabata yatha. Sungani mavidiyo abwino mu foda yawoyawo n'kumawabwereza pakapita milungu ingapo. Dziwaninso kuti mukazimitsa timizere tabuluu tosonyeza kuti mwawerenga uthenga, simudzaonanso amene aonera Status yanu, chonsecho mndandanda umenewo ndi umene ungakuuzeni kuti kukazinga kumakopa anthu kuposa botolo lomata bwino.

Catalog ndi shelefu chabe. Imalandira zinthu mpaka 500, chilichonse ndi zithunzi mpaka 10, mtengo ndi mawu ofotokoza. Ndi yothandiza poyankha "zingati?" koma nkhani mulibe pokhapokha mutailowetsamo nokha: pa zithunzi khumizo, ziwiri zikhale za ntchito ili mkati. Fodya ndi mankhwala a WhatsApp amazikana mu Catalog. Mayankho osungiratu, amene amatuluka mukalemba chizindikiro cha /, ndi abwino pa mitengo ndi nambala yolipirira.

Kuno ku Zambia simungalandire ndalama m'kati mwa apuyi. Malipiro amadzera pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel, ndipo chithunzi cha meseji yoti ndalama zatumizidwa si umboni. Yang'anani balansi yanu musanapereke katundu kwa wanjinga.

Nanga anthu atsopano achokera kuti? Apuyi payokha sikubweretserani. Ili ndi QR code ndi linki yaifupi yomwe mungasindikize pa pepala la botolo kapena kumata pakhomo la shopu, koma kusonkhanitsa manambala ndi ntchito ya miyendo ndi pakamwa. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August pamadzaza anthu ochokera ku Lusaka, ku Malawi ndi ku Mozambique. Wogula aliyense kumeneko asungirane nanu nambala asanachoke. Chilengezo chachifupi pa wailesi ngati Breeze FM chimafika kumidzi komwe netiweki ya intaneti imavuta, ndipo chingathere pa nambala yomweyo.

Kwa amene makasitomala ake amagula mobwerezabwereza, monga wa chiponde, makeke, nkhuku kapena zosoka, apuyi ndi yoyenera kuiika lero. Kwa wogulitsa nthochi kwa apaulendo m'mbali mwa Great East Road, amene wogula wake akwera basi n'kupita osadzabweranso, bandulo ija ndi bwino aigulire mapepala okulungira.