Satifiketi ya Mountain Leader patapita miyezi ndikuigwiritsa ntchito

Papita miyezi ingapo chilandirireni satifiketi ya Mountain Leader, imene bungwe la Mountain Training limapereka ku Britain ndi ku Ireland kwa otsogolera magulu oyenda m'mapiri. Anzanga ofuna kulembetsa amandifunsa ngati ndalama zanga sizinalowe m'madzi. Sizinalowe ayi, koma zomwe zinkandisowetsa tulo pokonzekera mayeso si zimene ndikudalira kwambiri lero.

Musanayambe maphunziro a masiku 6, pafunika mukhale mutalemba m'buku lanu masiku 20 oyenda m'mapiri mokwanira. Pofika pa mayeso a masiku 5, masikuwo akhale atakwana 40, muli ndi pepala la chithandizo choyamba la maola 16. Ambiri amadandaula ndi masiku 40 amenewa. Ine ndiona kuti phindu lenileni lagona pamenepo, chifukwa m'kalasi amangokuonetsani njira, koma kuzolowera mphepo, mvula ndi kutopa kumadza ndi miyendo yanu.

Mapu ndi kampasi usiku kapena m'chifunga, kuwerenga mapazi pa mamita 100 aliwonse, zonsezi zinandikhalira m'mutu, ndipo batire ya foni ikafa ndi kuzizira sindinjenjemera. Komabe tsiku ndi tsiku ntchito yaikulu ndi anthu. Lamulo la Naismith la mu 1892, loyerekezera nthawi imene ulendo ungatenge, limati muwerengere ola limodzi pa makilomita 5, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 okwera. Lamuloli ndi la munthu wamphamvu wosapumapuma. Gulu lili ndi wina wa matuza kuphazi, wina woima paliponse kujambula zithunzi, ndi wina amene wangoti zii chifukwa wazizidwa koma akuchita manyazi kunena. Wachitatuyu ndiye ndimamuyang'anitsitsa. Aphunzitsi ankabwereza kuti nthawi yobwerera muikhazikitse musananyamuke, ndipo muiuze gulu lonse. Ndiye malangizo amene andithandiza koposa, makamaka nsonga ya phiri ikamaoneka pafupi, anthu amene analipira ndalama zawo akukuchondererani kuti mupitirire pang'ono.

Chingwe chikadali m'chikwama. N'zoyenera, popeza satifiketiyi imalola chingwe pangozi pokha, osati kukonza ulendo wodalira chingwe.

Malire ake muwadziwiretu. Si ya nyengo ya chipale ndi ayezi, imeneyo ili ndi maphunziro akeake. Ndiponso phiri lalitali koposa ku Britain, Ben Nevis, ndi la mamita 1,345 okha, pamene matenda a pamwamba pa phiri amayamba kuvuta cha pa mamita 2,500. Wofuna kutsogolera anthu ku mapiri a Alps kapena a Himalaya apitirize ndi satifiketi ya International Mountain Leader, yovomerezeka ndi UIMLA, mgwirizano wa mabungwe a otsogolera m'mapiri a mayiko osiyanasiyana. Pamadzi oundana ndi pamatanthwe ofuna chingwe, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a IFMGA, mgwirizano wa padziko lonse wa mabungwe a otsogolera okwera mapiri ovuta, ndipo maphunziro awo amatenga zaka.