Cipla: kampani imene inagwetsa mtengo wa ma ARV, ndi mmene ntchito yake ilili lero

Mwa makampani a ku India amene amapanga mankhwala a jeneriki, aja ofanana mphamvu ndi oyambirira koma opangidwa ndi kampani imene sinawatulukire, Cipla ndi imene imapatsidwa ulemu waukulu, makamaka ndi anthu amene anagwirapo ntchito yolimbana ndi Edzi. Ulemuwo ndi wouyenera. Komabe pounika kampani yopanga mankhwala sikokwanira kuyang'ana zimene inachita zaka zoposa 20 zapitazo, chifukwa piritsi limene wodwala akumwa lero latuluka m'fakitale inayake, ndipo fakitaleyo ili ndi mbiri yakeyake ya ukhondo ndi kasungidwe ka zolemba. Mbiri ya Cipla pa mitengo ndi yosiririka kwambiri, pamene mbiri ya mafakitale ake ndi yabwino koma yokhala ndi timabanga timene wogula ayenera kutidziwa.

Kampaniyi inayamba m'chaka cha 1935 mumzinda wa Bombay, umene tsopano ndi Mumbai. Amene anaiyambitsa ndi a Khwaja Abdul Hamied, katswiri wa za kemisitiri amene anaphunzira ku Berlin, ndipo dzina lakuti Cipla ndi chidule cha Chemical, Industrial and Pharmaceutical Laboratories. Nthawi imeneyo India inali pansi pa ulamuliro wa Britain ndipo mankhwala ambiri ankachokera kunja. Mahatma Gandhi anakayendera kampaniyi mu 1939, ndipo mpaka pano eni ake amakonda kufotokoza za ulendowo. Mwana wa woyambitsayo, a Yusuf Hamied, amene anabadwira ku Vilnius mu 1936 n'kudzaphunzira kemisitiri ku Cambridge, ndiwo anadzaikulitsa kampaniyi kufika pamene ili.

Chimene chinaikweza Cipla, pamodzi ndi makampani anzake a ku India, ndi lamulo la patenti, umene ndi umwini umene boma limapatsa wotulukira chinthu kuti ena asachipange popanda chilolezo chake, limene dzikolo linakhazikitsa mu 1970 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1972. Lamulolo linasiya kuteteza umwini wa mankhwala enieniwo, n'kumangoteteza njira yowapangira. Zinali ngati kunena kuti mwini wake ali ndi ufulu pa kaphikidwe kake kokha, koma wina akapeza kaphikidwe kena kotulutsa chakudya chomwecho, palibe mlandu. Akatswiri a Cipla anazolowera kutenga mankhwala a makampani a ku Ulaya ndi America, kuwafufuza mmene anapangidwira, n'kupeza njira yawoyawo yowapangira motchipa. Makampani akunja ankati kumeneku ndi kuba nzeru za eni. A Hamied ankayankha kuti sakuswa lamulo lililonse la dziko lawo, ndipo pa mfundo ya malamulo ankanena zoona.

Nkhani imene inatchukitsa Cipla padziko lonse inachitika mu February 2001. Pa nthawiyo mankhwala atatu ophatikiza otalikitsa moyo wa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ankagulidwa pa madola a ku America oposa 10,000 pachaka kwa wodwala mmodzi, mtengo umene pafupifupi boma lililonse la mu Africa silikanaukwanitsa. Cipla inauza bungwe la madokotala othandiza anthu ovutika la Médecins Sans Frontières kuti ingaligulitse mankhwala atatuwo pa madola 350 pachaka, kutanthauza ndalama yosakwana dola imodzi patsiku, ndipo maboma inawatchulira madola 600. Patangopita miyezi iwiri, makampani 39 amene anasumira boma la South Africa pa lamulo lake lofuna kupeza mankhwala otchipa anathetsa okha mlanduwo, ndipo mu November chaka chomwecho mayiko a m'bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO anagwirizana ku Doha kuti malamulo a patenti asamatsekereze dziko kuteteza umoyo wa anthu ake. Sikuti Cipla yokha ndiyo inachititsa zonsezi, popeza odwala ndi mabungwe omenyera ufulu wawo anali atakuwa kale kwa zaka zingapo. Chimene Cipla inabweretsa ndi mtengo weniweni wochokera kwa munthu wokhala ndi fakitale. Kuyambira pamenepo kunali kovuta kuti wina anene kuti mankhwalawa ndi odula chifukwa kuwapanga n'kodula.

Mbali ina ya nkhaniyi, imene kwa ine ndi yofunika mofanana ndi mtengowo, ndi piritsi lotchedwa Triomune. Mankhwala atatu aja anali stavudine wa kampani ya Bristol-Myers Squibb, lamivudine wa GlaxoSmithKline ndi nevirapine wa Boehringer Ingelheim. Popeza eni ake anali atatu osiyana, palibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene akanawaika onse m'piritsi limodzi popanda kugwirizana ndi anzakewo. Cipla, imene sinkamangidwa ndi mapatenti awo ku India, inawaphatikiza, moti wodwala ankangomwa piritsi limodzi m'mawa ndi lina madzulo. Kwa namwino wa pachipatala chaching'ono chokhala ndi odwala mazanamazana, zimenezi zinatanthauza botolo limodzi loti awerenge, malangizo amodzi oti afotokoze, komanso kutha kwa vuto loti mankhwala amodzi mwa atatuwo athe m'nkhokwe ena awiriwo alipo. Kafukufuku amene anachitika ku Cameroon n'kusindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2004 anasonyeza kuti piritsi lophatikizali linkagwira ntchito bwino.

Triomune sanali wopanda vuto, ndipo amene anamwapo kwa nthawi yaitali amadziwa. Stavudine ankachititsa dzanzi ndi kuwotcha kwa mapazi, komanso ankaphwetsa masaya ndi miyendo pochotsa mafuta m'malo amenewo, zimene zinkapangitsa kuti munthu adziwike ndi maso kuti ali pa mankhwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mayiko cha m'ma 2009 ndi 2010 kuti asiye pang'onopang'ono kugwiritsa ntchito stavudine. Vutoli linali la mankhwalawo pawokha, ndipo ngakhale opangidwa ndi eni ake oyambirira ankachita chimodzimodzi, choncho sitingaliike pa mutu pa Cipla. Chimene tinganene n'chakuti kutchipa kwa stavudine ndiko kunachititsa kuti akhalitse m'mayiko osauka pamene mayiko olemera anali atamusiya kale.

Pa mankhwala a ana, kampaniyi yagwira ntchito imene sinatchuke kwambiri koma ndi yoyamikirika. Mankhwala a lopinavir ndi ritonavir a ana aang'ono ankabwera ngati madzi owawa kwambiri, okhala ndi mowa wopitirira 40 peresenti, ndipo ankafunika kusungidwa m'firiji. Mayi wopanda magetsi kunyumba, amene mwana wake akulavula mankhwala tsiku ndi tsiku, analibe pogwira. Cipla inapanga timibulu ting'onoting'ono toikidwa m'kapisozi, timene kholo limatsegula n'kuwaza pa chakudya chofewa cha mwana, ndipo timeneti sitifuna firiji. Mu 2019, mogwirizana ndi bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa la DNDi, inalengeza za Quadrimune, wophatikiza mankhwala anayi ndiponso wokoma ngati sitiroberi, pa mtengo wosakwana dola imodzi patsiku. Inapanganso artesunate wolowetsa kumbuyo, wothandiza mwana wodwala malungo aakulu amene sangathe kumeza kanthu pamene akumuthamangitsira kuchipatala, ndipo WHO inawavomereza mu 2018. Msika wa mankhwala oterewa ndi wochepa ndipo phindu lake ndi laling'ono, n'chifukwa chake makampani ambiri sauyang'ana n'komwe.

Ndalama zenizeni za Cipla zimachokera kwina. Ku India kampaniyi ndi imodzi mwa zikuluzikulu pa mankhwala a mphumu ndi matenda ena a m'mapapo, ndipo dzina lakuti Asthalin, limene ndi salbutamol wawo, ndi lodziwika m'makomo ambiri a dzikolo. Kachipangizo kawo ka Rotahaler n'kosavuta: munthu amalowetsa kapisozi pakabowo, n'kupotokola mbali ina kuti kapisoziyo isweke, kenako n'kukoka ufawo ndi mpweya. Luso lopanga zipangizo zopumira mankhwala ndi lovuta kuposa lopanga mapiritsi, chifukwa kachipangizoko kayenera kutulutsa mlingo wofanana nthawi iliyonse, ndipo pamenepa ndi pamene Cipla imaposera anzake ambiri. Mu April 2020 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza inhaler yawo, kachipangizo kopumira mankhwala, ya albuterol, limene ndi dzina lina la salbutamol, nthawi imene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti mankhwalawa asowe.

Kukula kwake kunja kwa India kunabwera kwambiri pogula makampani ena. Mu 2013 inagula Cipla Medpro ya ku South Africa pa ndalama zoposa madola 500 miliyoni, ndipo mu 2016 inamaliza kugula InvaGen ndi Exelan a ku America pa madola 550 miliyoni. Ku Uganda inali ndi gawo lalikulu m'kampani ya Quality Chemical Industries, imene fakitale yake ili ku Luzira mumzinda wa Kampala ndipo imapanga ma ARV ndi mankhwala a malungo, koma mu 2023 inagulitsa gawo lakelo. Amene ankayembekezera kuti Cipla idzakhala mtsogoleri pomanga mafakitale a mankhwala m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa ali ndi chifukwa chokhumudwira ndi kugulitsaku, ngakhale kuti fakitaleyo ikugwirabe ntchito m'manja mwa eni atsopano. Zikuonetsa poyera kuti maso a kampaniyi tsopano ali pa India, America ndi South Africa, kumene kuli ogula okhala ndi ndalama.

Timabanga tija tili pa nkhani ya mafakitale ndi zolemba. Mu 2004 WHO inachotsa kwa kanthawi mankhwala awiri a Cipla a HIV pa mndandanda wa mankhwala ovomerezeka, itapeza kuti zolemba za labotale imene inalembedwa ganyu yoyesa ngati mankhwalawo akufanana mphamvu ndi oyambirira zinali zosalongosoka. Kampaniyi inachititsanso mayeso ena ndipo mankhwalawo anabwezeretsedwa chisanathe chaka. Mu February 2020 FDA inalembera Cipla kalata ya chenjezo yokhudza fakitale yake ya ku Goa m'dziko la India, ndipo zina mwa zimene inadandaula zinali kusatsuka mokwanira makina, zimene zingachititse kuti zotsalira za mankhwala ena zilowe m'mankhwala ena. Mu July 2023 kampaniyi inaitanitsa magulu 6 a inhaler ya albuterol ija (gulu ndi mankhwala opangidwa nthawi imodzi) kuchoka pamsika wa ku America chifukwa cha kudontha kwa mankhwala pa valavu, ndipo mu November chaka chomwecho FDA inalembanso kalata ina ya chenjezo yokhudza fakitale ya ku Pithampur, ikudzudzula mmene kampaniyi inkasamalira madandaulo a ogula ndi zolemba zake. Kwa munthu wa mphumu amene wabanika usiku, inhaler yosatulutsa mlingo wokwanira si nkhani yaing'ono, ndipo n'zodetsa nkhawa kuti vutoli linagwa pa chinthu chenicheni chimene Cipla imanyadira nacho.

Poweruza zimenezi tiyenera kuchita chilungamo. Makalata oterewa alandirapo makampani ambiri, a ku India ndi a kwina komwe, ndipo zolakwa za Cipla sizikufika pa zimene inachita Ranbaxy, kampani ina ya ku India, imene mu 2013 inavomera milandu ku America n'kulipira madola 500 miliyoni pa nkhani yokhudza mankhwala osakwanira muyezo ndi kunamiza boma. Komanso chenjezo limakhudza fakitale imodzi, pamene Cipla ili ndi mafakitale ambiri. N'chifukwa chake wogula mankhwala ambiri, kaya ndi boma, chipatala kapena bungwe, amachita bwino kufunsa kuti mankhwalawo achokera ku fakitale iti, ndiponso ngati mankhwala enieniwo ali pa mndandanda wa WHO kapena avomerezedwa ndi bungwe lina lokhwimitsa malamulo. Wodwala payekha angathe kuona pabokosi dzina la malo amene apangidwira, nambala ya gulu ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo nambala ya guluyo ndi imene imagwira ntchito mankhwala akaitanitsidwa kuchoka pamsika.

Njira imene inalemeretsa Cipla inatsekeka mu 2005, pamene India inasintha lamulo lake kuti ligwirizane ndi pangano la WTO la mapatenti lotchedwa TRIPS n'kuyambanso kuteteza umwini wa mankhwala enieniwo. Kampaniyi inayesabe kulimbalimba. Mu 2008 inatulutsa Erlocip, wofanana ndi Tarceva wa kampani ya Roche wothandiza khansa ya m'mapapo, koma patatha zaka zingapo mlandu uli m'khoti, bwalo lalikulu la ku Delhi linagamula mu 2015 kuti Cipla inaphwanya patenti. Masiku ano imayenda kwambiri ndi zilolezo. Mu 2020 inapanga remdesivir, mankhwala a Covid-19, ndi chilolezo cha kampani ya Gilead, ndipo mu 2023 inali imodzi mwa makampani atatu amene anapatsidwa chilolezo kudzera ku Medicines Patent Pool, bungwe limene limakambirana zilolezo ndi eni mapatenti, chopanga cabotegravir wobaya, woteteza ku HIV. Zilolezozi zimathandiza, koma mwini patenti ndi amene amasankha mayiko oti agulitsidweko, ndipo mayiko ambiri opeza pakatikati amasiyidwa kunja.

Kwa wogula, chigamulo changa ndi chakuti mankhwala a Cipla a HIV, a malungo ndi a mphumu amene avomerezedwa ndi WHO kapena FDA ndi oyenera kuwakhulupirira, ndipo pa mankhwala a ana kampaniyi ili m'gulu la ochepa amene akuchitapo kanthu. Pa mtengo siilinso yokha, chifukwa makampani ena monga Aurobindo, Hetero, Laurus ndi Viatris amapikisana nayo ndipo nthawi zina amaiposa potchipa, choncho amene akugula zambiri ayenera kufananiza mitengo ndi mbiri ya mafakitale a onsewa asanasainire mgwirizano.