Patatha miyezi ndikuona za kompyuta yanga pa terminal

Papita miyezi ingapo chisiyireni kufufuza mu Settings ndikafuna kudziwa za kompyuta yanga ya Linux. Ndimangotsegula terminal, zenera lolembamo malamulo opita kwa kompyuta, n'kulemba lamulo. Malamulo amene ndinayamba nawo anali ambiri, koma amene akhalitsa ndi ochepa.

Neofetch, pulogalamu yoonetsa mwachidule za kompyuta yako, ndinaisiya msanga. Imaonetsa zinthu mokongola, koma makina akayamba kuvuta sikuuza kanthu kothandiza, ndipo mwini wake anasiya kuikonza mu 2024.

Lamulo limene ndimalidalira tsiku ndi tsiku ndi free -h, loonetsa mmene RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira ntchito panthawiyo) ikugwiritsidwira ntchito. Anthu ambiri amaona kanambala kochepa pansi pa "free" n'kuganiza kuti RAM yatha. Ayi ndithu. Linux salola RAM kukhala chabe: amasungamo mafayilo amene mwawatsegula posachedwa, ndipo pulogalamu ikafuna malo amawabweza. Nambala yoyenera kuiyang'ana ili pansi pa "available", ndipo kernel, womwe ndi mtima wa Linux, inayamba kuiwerengera mu 2014, pa version 3.14. Imeneyi ikatsika kwambiri, swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikachepa) n'kuyamba kudzaza, pamenepo mpamene pali vuto lenileni. Kudziwa zimenezi kokha kungamuletse munthu kugula RAM yomwe sakuifuna.

Nalo uptime limafuna kuliwerenga bwino. Manambala atatu akumapeto aja ndi katundu amene makina anasenza pa mphindi 1, 5 ndi 15 zapitazi, ndipo paokha sanena kanthu mpaka muwayerekeze ndi zimene nproc yakupatsani, zomwe ndi chiwerengero cha ma core, zigawo za purosesa zogwira ntchito. Katundu wa 4 pa makina a ma core 8 si wodetsa nkhawa, koma pa ma core 2 ndiye kuti ntchito zili pamzere. Linux amawerengeranso ntchito zodikira disiki, choncho nthawi zina wolakwa si purosesa.

Pofuna kudziwa version ya kernel ndimalemba uname -r, ndipo cat /etc/os-release imandiuza mtundu wa Linux, kaya ndi Ubuntu kapena Fedora. Awiriwa sanandikhumudwitsepo.

Chodandaula changa chili pa df -h, lamulo loonetsa malo otsala pa disiki. Imasakaniza mizere ya tmpfs (malo osungira mafayilo a mu RAM) ndi ya ma disiki enieni, moti ndimachita kuwonjezera -x tmpfs kuti ndione bwino. Musadabwenso disiki ya 500 GB ikamaoneka ngati 465.8G pa lsblk, lamulo loonetsa ma disiki: opanga amawerenga ndi 1000, lamulolo ndi 1024.

Ndikamapempha thandizo kwa ena ndimatumiza zotsatira za inxi -Fxz, zomwe zimafotokoza za makina onse. Nthawi zambiri muyenera kuiika nokha, koma ikani ndithu, ndipo musaiwale z uja, chifukwa ndi amene amabisa ma serial number, IP ndi MAC address zanu.