Masensa ambiri pa Arduino imodzi: LM35 kapena DS18B20?

Arduino Uno, bolodi yaing'ono yowongolera zida zamagetsi, ili ndi mapini a analogi 6 okha, A0 mpaka A5. LM35 ndi sensa yoyeza kutentha, ndipo iliyonse imafuna pini yakeyake, ndiye mukafuna kuyeza kutentha m'makola khumi a nkhuku, mapini atha. Muyenera kuwonjezera kachipangizo kotchedwa CD74HC4067, komwe kamalumikiza masensa 16 ku pini imodzi ya analogi, komabe waya akatalika manambala amayamba kuvinavina.

Ine ndimakonda DS18B20, yomwenso ndi sensa yoyeza kutentha. Zonse zimagwirira pa waya mmodzi, pini imodzi, bola muyike resistor ya 4.7k pakati pa waya wa data ndi 5V. Iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya ma bit 64, ndiye bolodi imazisiyanitsa bwinobwino. Imachedwerapo, masekondi 0.75 poyeza kamodzi, koma khola silitentha mwadzidzidzi. Musanazipachike kudenga, lembani nambalayo pa tepi n'kumata pa sensa iliyonse.