Kamnyamata kokonza mafoni ku Ndirande

Foni yanga inasiya kutchaja ndiye ndinapita nayo kwa kamnyamata kena kamene kamakonza mafoni pa benchi kuseri kwa msika. Mwana ameneyu ndimamudziwa kuyambira ali wamng'ono, bambo ake kachasu basi, mayi ake kumangoyendayenda, ankagona ndi njala koma ankapanga magalimoto a mawaya n'kumagulitsa kwa anzake kuti apeze ya mandasi. Lero ndi uyu ali ndi soldering iron yakeyake, kachida kowotcherera timawaya ta m'foni. Anatsegula foni, kupukuta fumbi ndi mswachi wakale, kusintha kapini kotchajira, mphindi 20 yayaka, ndipo sanandidule ayi. Vuto lake ndi nthawi aise, akati 2 koloko dziwani kuti ndi 4, musamusiyire foni mukuthamangira minibasi.