OpenPLC pa UniPi 1.1: pampu ikuyenda bho, koma magetsi akhale okhazikika

Nyenyezi 4 pa 5. Ine ndili ndi bolodi ya UniPi 1.1 ya ku Czech Republic, kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 3 pamwamba pake, kenako OpenPLC ya Thiago Alves, pulogalamu yosandutsa Pi kukhala PLC (kompyuta yoyendetsa makina), ndipo ntchito yake ndi kuyendetsa pampu ya pachitsime yodzaza mathanki ku dimba la tomato. PLC ya Siemens ndimaifuna inde koma mukaonjeza laisensi ya TIA Portal, pulogalamu yake yolembera malamulo, thumba limakana, pomwe OpenPLC ndi yaulere ndipo imatsata IEC 61131-3, muyezo wa zilankhulo zolembera ma PLC, ndiye amene munaphunzira Ladder (chimodzi mwa zilankhulozo, chojambula ngati makwerero) ku koleji simuvutika, ndi zomwezo basi, ma contact, ma coil, ma timer a TON ochedwetsa kuyatsa.

Chifukwa chogulira bolodiyi osangolumikiza pa Pi yokha nchakuti mapini a Pi ndi a 3.3V, mukangowagunditsa 24V ya float switch (switch yoyandama yoona mlingo wa madzi mu thanki) ndiye mwaotcha. UniPi ili ndi ma input otetezedwa omwe amalandira 24V bwinobwino komanso ma relay 8 (ma switch oyatsidwa ndi pulogalamu), pa OpenPLC version 3 inu mumangolowa pa browser pa port 8080, kusankha UniPi pa Hardware, kukweza pulogalamu yomwe mwalemba mu OpenPLC Editor, madzi akatsika input yoyamba, %IX0.0, yayaka ndipo mumamva relay ija kuti thwa! kontakita, switch yaikulu yoyatsa mota, yagwira. Chonde relay iziyatsa koyilo ya kontakita, osati mota mwachindunji, sinapangidwire katundu wolemera choncho. Dzina lolowera ndi password zobwera ndi OpenPLC ndi openplc/openplc, sinthani tsiku lomwelo, komanso Modbus (njira yomwe PLC imalankhulirana ndi zipangizo zina) pa port 502 ilibe loko ina iliyonse ndiye osaiika poyera pa intaneti.

Pomwe ndachotsera nyenyezi mpoti zonse zimakhala pa SD card. Kuno magetsi amangothima osatsanzika, ndipo akazima Linux ili mkati molemba, khadi imatha kuonongeka, kwa ine zinachitika ndi kakhadi kotchipa kamumsika, m'mawa mathanki ali gwa opanda dontho, Pi sikudzuka. Pano ndinaika batire ndi ka UPS kogwirizira magetsi akathima, khadi ina yokopera kale ili mu envulopu yomatidwa mkati mwa chitseko cha panelo. Pi ikayakanso imatenga kanthawi kuti Linux idzuke, si ngati PLC yeniyeni yomwe imangoyamba pompo.

Scan ya 20ms (nthawi yomwe pulogalamu imatenga kuzungulira kamodzi) pa pampu ndi yokwanira kwambiri, thanki silidzaza mu sekondi. Koma Linux wamba sikulonjeza kuti nthawi izikhala ndendende, ndiye makina othamanga kapena oti munthu angadulidwe dzanja ayi ndithu, emergency stop ndi overload zikhale za mawaya pazokha zosadalira pulogalamu. Kwa a mapampu, mafani a mu khola la nkhuku kapena ana asukulu ofuna kuphunzira Ladder, gulani, ingoikani batire pa bajeti yomweyo.